Tsiku Limene Ndinabweza Mphasa

Mphasa ija inali yakale, yofiirira ndi utsi, ndipo m'mphepete mwake munali mosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Akaipinda ankaimanga ndi kansalu kobiriwira. Inalibe mwini weniweni. Lero inkagona nyumba iyi, mawa nyumba ina, ndipo mayi amene yagona kwake ankadziwa kuti mawa lake masana ndi iye wokakhala pakhonde pathu. Ambiri mwa amayiwo sankadziwa kuwerenga, choncho m'malo molemba mayina papepala ankangopatsirana mphasayo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 3, ndipo chaka chimenecho palibe chinthu chimene ndinadana nacho kuposa mphasa imeneyo.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri, ulendo wa ola limodzi wapansi kukafika ku Mishoni. Tinkakhala pamudzi pa amayi. Abambo anali mkamwini, kwawo kunali kutsidya kwa malire, cha ku Milange, ndipo ankagwira ntchito yaulonda ku esiteti ya tiyi. Ankanyamuka dzuwa likulowa n'kubwera m'mawa, maso ali psu, chijasi chawo chikununkha utsi wa moto umene ankaotha kuntchito. Ankagona mpaka dzuwa lili paliwombo, akadzuka n'kupita kokamwa kachasu. Pobwerera kunyumba nthawi inkakhala itakwana cha m'ma thuu koloko. Nthawi imeneyo pamudzi pamakhala zii. Ena ali kotchola tiyi, ena kumunda, ena kumsika. Pakhomo pankatsala nkhuku, amayi, ndi ine ndikaweruka kusukulu.

Ndinene zoona, abambo ndinkawakonda kwambiri. Mpaka lero ndikanena zimenezi abale anga ena amandiyang'ana m'mbali, koma sindingasinthe mmene zinalili. Anali munthu wa nthabwala ndi wa manja aluso. Anandisemera chidole cha mtengo chokhala ndi dengu kumsana ngati amayi otchola tiyi. Ankandikhazika pamwendo pakhonde n'kumandiphunzitsa kuwerenga m'Chipwitikizi, ndikalakwitsa ankaseka mpaka kutsokomola. Anali atandilonjeza kuti tsiku lina adzandikweza panjinga mpaka ku Muloza kuti ndikaone kumene dziko lathu lathera.

Manja omwewo ndi amene ankamenya amayi. Sankasowa chifukwa. Lero ndiwo zachepa mchere, mawa amayi achedwa kumjigo, mkuja aseka ndi munthu panjira. Zikayamba ine ndinkathawira m'nthochi kuseri kwa nyumba n'kutseka makutu, kenako ndinkabwera n'kupeza amayi akusesa mbale zosweka. Ndinkaganiza kuti m'nyumba zonse mumakhala momwemo. Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Anandiuza okha tsiku lina akundipesa tsitsi, kuti mvula yoyamba isanagwe ndidzakhala ndi wombereka kumbuyo. Ndinayamba kale kuphunzira kubereka ndi chidole chija.

Amalume, amene anali eni mbumba komanso ankhoswe a banjalo, ankadziwa zonse. Amayi akapita kukadandaula, iwo ankaloza denga lathu la malata n'kunena kuti, "Pamudzi pano mkamwini wina ndani anafolera nyumba chonchi? Banja ndi kupirira, chemwali." Sindikufuna kuwaweruza kwambiri poti anamwalira, koma ndikakumbukira mawu amenewa mtima umandiwawabe. Anayang'ana malata, nkhope ya mlongo wawo osaiyang'ana.

Amene anaiyang'ana anali aphunzitsi anga. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, woopedwa ndi ana ndi makolo omwe. Amayi atabwera kumsonkhano wa makolo mpango utaphimba diso limodzi, aphunzitsiwo anawaitanira kuseri kwa kalasi. Aphunzitsiwo ndi amene ankatsogolera gulu la amayi a m'midzi yathu lothandiza anthu ochitiridwa nkhanza m'mabanja. Anali ataphunzitsidwa kuboma, ndipo ankaperekeza anthu kuchipatala, kupolisi kapena kwa amfumu. Amuna kumowa ankawatchula monyoza kuti amayi a jenda. Aphunzitsi anauza amayi kuti akhoza kuwaperekeza kukanena kupolisi, kapena kuwapezera kokhala mpaka atachira. Amayi anakana zonse ziwiri. Sankafuna kumangitsa bambo wa ana awo, ndipo za kuchoka anati, "Ndichoke pamudzi pa amayi anga, ndipite kwa yani?"

Aphunzitsi sanawakakamize. Anakakambirana ndi anzawo, ndipo mmenemo ndi mmene nkhani ya mphasa inayambira. Anaona kuti vuto linali masana, pamene pamudzi palibe anthu. Choncho tsiku lililonse, abambo asanabwere kumowa, mayi mmodzi ankafika n'kuyala mphasa pakhonde pathu, n'kuyamba ntchito yake. Wina ankabwera ndi nandolo wosenda, wina ndi chinangwa choti apale, wina ndi zoluka. Sankatchula za nkhanza ayi. Ankangocheza ndi amayi za matenda, za kutchalitchi, za amene wakwatiwa ndi amene wasiyidwa. Abambo akafika ankawapatsa moni mwaulemu wonse, atagwada. Ankakhala mpaka abambo atavala chijasi n'kunyamuka kupita kuntchito, kenako ankapinda mphasa n'kukaisiya kwa wotsatira.

Inali nyengo yozizira, ya chiperoni. Phiri linkabisala masiku atatu kapena anayi, kamvula kamawawa kakungotsika osaleka, zovala osauma pachingwe. Amayi aja ankabwera ndithu, atafunda zitenje ziwiriziwiri, mapazi ali matope okhaokha. Ndimakumbukira fungo la makoko a nandolo ndi kulira kwa madontho pamalata. Milungu isanu ndi iwiri inatha popanda mbale kusweka. Amayi anayamba kunenepa kumaso. Tsiku lina ndinawamva akuyimba pochapa.

Koma ine sindinkaona zimenezo. Chimene ndinkaona n'chakuti abambo anasiya kukhala pakhonde. Akabwera ankatenga kampando kawo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, msana ataulozetsa kunyumba, ngakhale kukuwawa mvula. Ndikapita kwa iwo sankasekanso. Ankangoti, "Ukuona, mwana wanga? Nyumba ya bambo ako yasanduka depoti ya basi." Tsiku lina ndinawakumbutsa za ulendo wa ku Muloza. Anayankha kuti munthu amene akulonderedwa ngati mbava sapita kokayenda. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinalira. Kusukulu anzanga ankandiseka kuti kwathu kumagona a jenda. Mumtima mwanga ndinagamula mlandu ndekha kuti olakwa anali amayi a mphasa aja, amene anatilanda khonde ndi kusandutsa abambo mlendo pakhomo pawo.

Pa onsewo panali mmodzi amene ndinkalephera kudana naye bwinobwino. Ana tinkangowatchula kuti amayi a kalongonda, chifukwa ankaphika nyemba za kalongonda n'kukagulitsa kumsika wa Chinakanaka. Anali mayi wachikulire, wamtali, wamasiye, wotsimphina pang'ono mwendo wamanzere, ndipo zala zawo zinali zakuda chifukwa cha ntchito yawoyo. Chichewa chawo chinali chodzaza ndi Chilomwe moti nthawi zina ndinkangomva theka. Likakhala tsiku lawo ankabwera ndi beseni, ndipo ankandipatsa kalongonda wodzaza dzanja, wothira mchere ndi tsabola. Ankakonda kunena kuti kalongonda safuna munthu wa phuma, ukamuphula msanga amakuzunguza mutu. Ndinkadya, koma moni wanga unali wa pakamwa pokha.

Tsikulo linali Lachinayi, kumayambiriro kwa Ogasiti. Chiperoni chinali chitaleka, dzuwa linawala, phiri lonse likuoneka mpaka mitsinje yake yoyera. Nditaweruka ndinapeza amayi agona m'nyumba, akuti msana ukuwawa. Pakhonde panali popanda munthu. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana, ndipo maganizo anangondibwerera. Palibe anandituma. Ndabwereza mawu amenewa kwa zaka zambiri chifukwa zikanakhala zopepuka abambo akanakhala kuti ndi amene anandituma, koma sananditume. Ndinatenga tsache n'kusesa khonde, ndinakatenga kampando ka abambo pansi pa mtengo n'kukaika pamalo pake pakale. Kenako ndinathamangira kukanjira kodutsa m'nthochi, kumene amayi a mphasa ankadzera.

Sindinadikire nthawi yaitali. Amayi a kalongonda anatulukira, beseni pamutu, mphasa m'khwapa. Ndinagwada pambali pa njira monga mwana woleredwa bwino.

"Amayi kulibe," ndinatero. "Apita kusikelo ku Mishoni. Akuti akagona konko kwa anzawo, abwera mawa."

Anaima n'kundiyang'ana. "Apita ndi ndani, ndi mimba imene ija?"

"Ndi amayi aang'ono."

Bodza linatuluka losalala ngati ndinachita kuliloweza. Iwo anayang'ana chakunyumba kwathu, koma nthochi zinkatchinga. Anatsitsa beseni, anandipatsa kalongonda m'manja onse awiri, n'kunena kuti ndikawauze amayi kuti abweranso tsiku lawo likakwana. Anatembenuka. Ndinawaona akubwerera akutsimphina, kansalu kobiriwira kakulendewera kumbuyo. Ndinadya kalongonda yense ndili chiimire, ndikusangalala.

Abambo atafika anaima pabwalo, anayang'ana khonde, kenako anayang'ana ine. Anafunsa kuti alendo athu ali kuti lero. Ndinawauza monyadira kuti sabwera. Anaseka, kuseka kuja ndinakusowa kwa milungu yonseyi, n'kukhala pakampando. Anandikhazika pamwendo ndipo tinawerenga m'Chipwitikizi mpaka makumi awiri osalakwitsa. Mpweya wawo unkanunkha kachasu, koma ine fungo limenelo ndinkalidziwa ngati fungo la abambo basi. Kwa kanthawi kameneko ndinali mwana wokondwa kuposa ana onse a m'Mulanje. Kenako ananditsitsa, anandipatsa ndowa n'kunena kuti ndikatunge madzi kumjigo, akufuna kusamba. Ndikuchoka ndinawamva akuitana amayi ndi dzina lawo lenileni, osati make wa uje monga mwa masiku onse.

Kumjigo kunali mzere wa ana anzanga, ndipo ndinachedwa. Pobwerera, ndisanafike pamtengo wa mapeyala, ndinamva mawu a abambo. Ankafunsa kuti anawatuma ndani kukaulula za m'nyumba, kuti anthu onse aziwaloza chala. Mkwiyo wa milungu isanu ndi iwiri unatuluka masana amodzi. Mawu a amayi sindinawamve, ndipo n'chimene chinandiopsa. Ndowa inagwa. Abambo anatuluka, anandidutsa osandiona, anakwera njinga n'kupita. Nditasuzumira pakhomo ndinaona amayi ali pansi pafupi ndi mtondo, atadzipinda, manja onse awiri ali pamimba. Chitenje chawo chinali chonyowa.

Sindinathawire m'nthochi tsiku limenelo. Ndinathamanga, ndipo miyendo inanditengera kwa munthu yemwe uja ndinamunamiza. Ndinawapeza akukoleza moto. Atangoona nkhope yanga sanafunse kanthu. Anataya nkhuni n'kuyamba kuthamanga ndi mwendo wawo wovutawo, akukuwa m'Chilomwe, ndipo amayi a m'mudzimo anayamba kutuluka m'minda. Wina anathamangira kusukulu kukaitana aphunzitsi, wina anakatenga njinga ya ambulansi imene inkasungidwa kwa amfumu. Dzuwa lisanalowe amayi anga anali atawatengera kuchipatala. Ine anandisiya kwa amayi aang'ono, amene anandisambitsa n'kundigoneka osandiuza chilichonse.

Patapita masiku awiri, m'mawa kukadali mame, ndinatuluka kukataya madzi ndipo ndinaona amayi asanu ndi mmodzi akudutsa kuseri kwa nyumba pamzere. Awiri ananyamula makasu. Amayi a kalongonda anali pakati, atanyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje chatsopano, atakafungatira pachifuwa. Panalibe mwamuna ngakhale mmodzi. Panalibe nyimbo, panalibe wolira. Analowera chakudambo. Ndinafunsa amayi aang'ono kuti akupita kukakumba chiyani m'mawa chonchi, iwo anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Kwathu mwana wobadwa wakufa saliridwa maliro. Amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, m'dzenje losazama, ndipo ana sauzidwa. Zimenezi ndinadzazidziwa ndili namwali. Mwanayo anali wamwamuna.

Abambo anawoloka malire Lachinayi lomwe lija. Aphunzitsi anaperekeza amayi aang'ono kupolisi ndi kalata ya kuchipatala, koma munthu anali atapita. Sitinawaonenso. Patapita zaka tinangomva kuti anakwatira kwina.

Amayi anatuluka m'chipatala patatha mlungu ndi theka, atawonda, akuyenda mogwira khoma. Amayi a gulu aja sanasiye kubwera ngakhale woopedwayo anali atachoka. Tsopano ankabwera awiriawiri. Anatithyolera nandolo yense m'munda asanawonongeke, ankatunga madzi, ankaphikira amayi phala n'kuwakakamiza kumwa. Masiku ena amayi ankangokhala chete kuyang'ana khoma kuyambira m'mawa, ndipo mmodzi wa iwo ankakhala pambali pawo, nayenso chete. Aphunzitsi ankandiitana pa nthawi yopuma n'kundifunsa ngati ndadya ndi ngati ndikugona bwino. Ndinkayankha kuti eya. Anandipatsa kope ndi pensulo kuti ndizijambula chilichonse chimene chili kumtima. Ndinkajambula njinga zokhazokha.

Loweruka lina gulu lonse linakumana pabwalo pathu, amalume ali pomwepo. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikunamizira kusewera. Aphunzitsi anafunsa ndi mawu awo aakulu aja kuti Lachinayi lija mphasa inali kwa yani, ndipo chinachitika n'chiyani kuti pakhonde pakhale popanda munthu. Ndinadziwa kuti bodza langa latha, ndipo chimene ndinkaopa chinali chikwapu.

Amayi a kalongonda anayankha ali chogwada. "Mphasa inali kwa ine. Ndinachedwa ndi moto wa kalongonda, ndinati ndipita akapsa. Ndalakwa ndine, anzanga."

Kenako amalume anaimirira. Munthu amene sanatsegule pakamwa zaka zonse zimene mlongo wawo ankamenyedwa, tsiku limenelo mawu anawapeza. Anati amayi a jenda ndi amene anaputa mkamwini wawo pomuchititsa manyazi, ndipo atamuputa anamusiyira mlongo wawo chifukwa cha nyemba za kumsika. Anawaloza chala mayi wachikulire uja n'kuwatchula mawu amene sindingawalembe. Iwo anangoweramitsa mutu. Aphunzitsi anawaletsa amalume, komabe nawonso anawadzudzula amayiwo pamaso pa onse kuti ntchito imeneyi si yochita ukamaliza zako. Amayi anga, amene anali atakhala pakhomo atafunda bulangete, anatembenuza nkhope. Kuyambira tsiku limenelo mpaka chaka chinatha sanawayankhe moni amayi a kalongonda.

Ine ndinakhala chete kuseri kwa nkhokwe. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kuchifufuta kangapo, koma palibe njira ina yochinenera. Ndinakhala chete, ndipo mtima unakhala pansi.

Nkhani inafala mudzi wonse. Kumjigo ankati mayi uja anagulitsa mwana wa mnzake ndi beseni la kalongonda. Ena anasiya kuwagula. Iwo m'gulu sanatulukemo. Poti pakhonde pathu sankalandiridwanso, ankabwera m'mamawa kudzasiya mtolo wa nkhuni kuseri kwa khitchini n'kubwerera osaonana ndi munthu. Amayi ankadziwa mwini nkhunizo, koma ankazisonkhabe.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo woyamba wapitirira msinkhu umene ndinali nawo. Ndikudziwa tsopano kuti amene anamenya amayi ndi abambo, osati ine, osatinso mayi amene anabwerera panjira. Ndikudziwa kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sangasenze imfa ya mlongo wake pamaso pa mudzi wonse ndi pamaso pa mayi wake amene akulira, n'kukula bwinobwino. Amayi a kalongonda anaziona zimenezo ali chogwada pabwalo paja, ndipo anasankha kusenza okha. Amayi ndinadzawauza zoona ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Analira tsiku lonse, ndipo sanalire chifukwa cha ine. Amayi a kalongonda anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo panalibenso woti tikamupepese.

Koma nthawi imeneyo zonsezi zinali kutali ndi mutu wanga. Mvula yoyamba itagwa ndinafunsa amayi kuti mwana uja akamutenga liti kuchipatala, poti nthawi imene ananena inali itakwana. Anandiyang'ana n'kutuluka panja. Amayi a kalongonda ndinkawazemba, ndikawaona patali ndinkakhota njira. Tsiku lina tinakumana maso ndi maso pamlatho wa mitengo, popanda kothawira. Ndinagwada ndikudikira kuti anditchule wabodza. Iwo anandifunsa ngati ndakhoza mayeso. Nditavomera, anandigwira pamutu ndi dzanja lawo lolemera n'kunena kuti ndizilimbikira sukulu ndi kuwathandiza amayi ntchito, kenako anapitiriza ulendo wawo. Ndinafika kunyumba ndikudumphadumpha. Ndinkaganiza kuti aiwala, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti anthu akuluakulu sachedwa kuiwala.